Ndinapita ku Vienna kukamva zitoliro ziwiri

Ndinakwera sitima ya usiku ku Hamburg, ku Germany, m'nyengo yozizira ya Disembala, ndipo kutacha ndinali ku Vienna, ku Austria. Anzanga ankafunsa kuti ulendo wonsewu n'chifukwa cha chitoliro basi? Inde. Ndakhala ndikuimba clarinet kwa zaka zambiri, koma mkulu wake, basset horn, ndinali ndisanamumvepo pamaso.

Ndi chitoliro chachitali kuposa clarinet, ndipo mawu ake amatsika pansi kwambiri. Zakale zija ankazipinda pakati ngati bondo, kumunsi kwake n'kuikako kabokosi komwe mpope umazungulira usanatulukire ku mlomo wachitsulo. Mozart, wopeka nyimbo wotchuka, ankachikonda kwambiri, ndipo mnzake Anton Stadler anali katswiri pochiimba.

Masana ndinayenda pansi kupita ku Rauhensteingasse, msewu umene Mozart anamwalirira pa 5 Disembala 1791, asanamalize nyimbo yake ya maliro, Requiem. Anaimaliza ndi wopeka nyimbo wina, Franz Xaver Süssmayr. Nyumba imene anamwaliriramo inagwetsedwa kale. Sindinachedwepo.

Madzulo ndinalowa m'tchalitchi cha Karlskirche kukamvera Requiem ija. Munkazizira moti jekete sindinavule. Maso a anthu anali pa kwaya, koma anga anali pa anthu awiri amene anakhala kumbuyo kwa oimba violin, zitoliro zawo zili pamiyendo. Mu nyimboyi Mozart sanaikemo flute kapena oboe, zitoliro za mawu owala. Anasankha ma basset horn awiri ndi ma bassoon awiri, zitoliro za mawu otsika, ndipo ndi iwo amene amayamba kudandaula kwaya isanatsegule pakamwa. Bassoon imayamba, kenako basset horn imalowa pamwamba pake mwakachetechete, ina n'kutsatira.

Abale, mawu amenewo! Safuula ayi. Ali ngati munthu wamkulu amene akulira maliro chapansipansi kuti ana asamve. Ine amene ndimadziwa kuvuta kwa kuyamba noti motsitsa chonchi pa chitoliro chozizira, ndinagwira mpweya limodzi nawo. Ndinaona mmodzi akuuzira mpweya m'chitoliro chake nthawi yodikira kuti chisazizire, chifukwa chikazizira mawu amatsika n'kusemphana ndi anzake.

Nyimbo itatha, wotsogolera anaimiritsa oimba anayi a patsogolo ndipo anthu anaomba m'manja kwambiri. Awiri aja anali atayamba kale kupukuta zitoliro zawo. Ndinawayang'ana mpaka anatseka mabokosi, kenako ndinatuluka kukakwera sitima ya pansi pa nthaka, U-Bahn, pa siteshoni ya Karlsplatz.