Mmene film noir inandiyalutsira pamaso pa apongozi

Apongozi anga aakazi atabwera kudzationa ku Johannesburg, ndinafuna kuti aone okha kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wozindikira. Pakhomo pa nyumba ina yoonetsera mafilimu panalembedwa kuti sabata imeneyo ndi ya film noir, ndipo ine, amene Chifalansa changa chinathera Fomu 2, ndinakumbukira kuti noir ndi chinthu chakuda. Ndinawauza modzitama kuti tikaonera mafilimu a anthu akuda, onga a ku Nigeria amene iwo amawakonda.

Tinakhala pansi, mkazi wanga ali pakati pathu monga mwa ulemu wake. Magetsi atazima, panatulukira azungu a zipewa, akusuta fodya m'zipinda za mdima, zithunzi zake zakuda ndi zoyera basi. Inali Double Indemnity ya 1944, yopangidwa ndi Billy Wilder, momwe mkazi wapabanja amapangana ndi wogulitsa inshulansi kuti aphe mwamuna wake n'kunamizira kuti wagwa kuchokera m'sitima yapamtunda, cholinga choti ndalama zituluke zowirikiza kawiri. Munthu wakuda amene ndinamuona bwinobwino anali wotsuka galimoto, ndipo atatulukira ndinalozako chala mwachiyembekezo, koma sanachedwe kusowa.

Filimu itatha, bambo wina anaimirira kufotokoza zimene ndinayenera kufunsa ndisanagule matikiti. Anati dzinali linatchuka ndi Nino Frank, wolemba za mafilimu ku Paris, m'chaka cha 1946, pamene mafilimu a ku America amene sankafika ku France nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anayamba kuonetsedwa kumeneko. Kuda kwake ndi kwa mithunzi, kwa misewu ya usiku ndi kwa mitima ya anthu adyera, ndipo khungu la osewera silikhudzidwa n'komwe. Mkazi wanga ankamasulira zonsezi m'Chichewa mokweza, mosasiyako ngakhale liwu limodzi, ine thukuta lili kamukamu.

M'galimoto munali zii mpaka tinadutsa maloboti atatu. Kenako apongozi anakonza duku lawo, nayankhula akuyang'ana kunja pawindo.

"Apongozi, ngati mwana wanga wakuopsezani, kapena mwapeza mapepala a inshulansi pansi pa pilo, nkhani yotere imapita kwa ankhoswe. Simukanavutika kundilipirira tikiti kuti azungu andiuze."