Mmene ndimaphwanyira 360,360 popanda kakyuleta

Ana a Fomu 2 omwe ndimawathandiza masamu madzulo kuno kwa Mponda akaona nambala yaitali pabolodi amathamangira foni. Ine ndimawaletsa, chifukwa nambala ngati 360,360 imaulula zambiri ukangoiyang'anitsitsa.

Ndimayambira kumapeto kwake. Yathera ndi 0, ndiye kuti 2, 5 ndi 10 aigawa osasiya kanthu, ndipo zoti ingakhale prime (nambala yogawika ndi 1 ndi iyo yokha basi) zathera pomwepo. Ndikaphatikiza 3, 6, 0, 3, 6, 0 ndimapeza 18. Poti 18 amagawika ndi 9, nambala yonse igawikanso ndi 3 komanso 9. Za 8 ndimangoona atatu omalizirawo: 360 ÷ 8 = 45.

Pokoma ndi apa. Taonani kuti 360 walembedwa kawiri. Nambala iliyonse ya madijiti atatu ukailemba kawiri chonchi, waichulukitsa ndi 1,001, ndipo 1,001 ndi 7 × 11 × 13. Anawo sakhulupirira msanga, ndiye ndimati asankhe yawo. Akati 475,475 timagawa ndi 7 n'kupeza 67,925, tigawenso ndi 11 kutuluke 6,175, pomaliza ndi 13, uyo 475 wabwerera! Apa ndimasiya choko kaye, aliyense ayesere m'kope mwake.

Watsala 360 yekha, yemwe ndi 2 × 2 × 2 × 3 × 3 × 5. Choncho 360,360 yamangidwa ndi ma 2 atatu, ma 3 awiri, kenako 5, 7, 11 ndi 13.

Kuwerenga ma factor ake (nambala zomwe zimaigawa osasiya kanthu) mmodzimmodzi kungakudetsereni dzuwa. Pa ma 2 aja ungatenge mmodzi, awiri, atatu kapena osatengako, njira zinayi. Pa ma 3, njira zitatu. Ena anayiwo, kutenga kapena kusiya basi. Tikachulukitsa njirazi timapeza kuchuluka kwa ma factor: 4 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2 = 192.

Nambalayi si square (yomwe umapeza ukachulukitsa nambala ndi iyo yomwe): 600 × 600 ndi 360,000, pamene 601 × 601 ndi 361,201. Yagwera pakati.

Palinso magulu otengera zomwe umapeza ukaphatikiza ma factor kupatula nambala yeniyeniyo. Zikafanana nayo, monga 6 (1 + 2 + 3) kapena 28, amati perfect. Zikapitirira amati abundant. Sindivutika ndi onse 191: 180,180, 120,120 ndi 90,090 okha afika kale 390,390, ndiye kuti yathuyi ndi abundant.

Kwa ine chachikulu n'chakuti iyi ndi nambala yochepetsetsa yogawika ndi nambala zonse kuyambira 1 mpaka 15. Amayi a banki mkhonde atasonkha K360,360, akakhala 13 aliyense atenga K27,720, akakhala 15 ndi K24,024, popanda kufunafuna chenji. Akakwana 16 ndiye pamatsala K8, chifukwa 16 amafuna ma 2 anayi pomwe ife tili nawo atatu. Kuti gulu lililonse kuyambira 1 mpaka 16 ligawane bwino, thumba lifike K720,720.