Ife timakonza makompyuta amene ena anawataya

Bizinesi yathu ndi ya anthu atatu: ine, mlamu wanga wodziwa za magetsi, ndi mtsikana wina wa ku Chipata amene analowerera kwambiri pa zolemba maprogalamu. Tili ku Pretoria. Timasamala ma cluster, omwe ndi makompyuta ambirimbiri olumikizidwa kuti agwire ntchito imodzi yaikulu, monga kulosera nyengo kapena kufufuza mankhwala.

Poyamba ndinkakonza malaputopu basi. Zinthu zinasintha makina a Ranger atafika kuno. Ranger inali kompyuta yaikulu ya Texas Advanced Computing Center ku America, ndipo itasiya kugwiritsidwa ntchito mu 2013, zigawo zake zina zinatumizidwa ku Africa, n'kugawidwa m'mayunivesite mothandizidwa ndi CHPC, bungwe la makompyuta amphamvu la ku Cape Town. Makina anachuluka, koma anthu odziwa kuwasamala anali ochepa. Ngakhale CHPC itatsegula Lengau, kompyuta yake yaikulu, mu 2016, magulu ambiri ofufuza anapitirizabe kusunga timakina tawotawo, chifukwa si ntchito iliyonse yomwe ingadikire pamzere. Mpata wathu unali pamenepo.

Foni ikalira, woimbayo amakhala atagamula kale mlandu. Wofufuza amati makina afa, wosamala makina amati pulogalamu ya wofufuzayo ndi yolakwika. Ife amatilipira kuti tipeze kumene vuto lagona, ndipo nthawi zambiri silikhala kumene akuloza.

Mu 2023, magetsi akuzimazima koopsa kuno, tinaitanidwa pamalo ena pomwe Slurm, pulogalamu yogawa ntchito, inkakana makina angapo magetsi akangoyaka. Eni ake anali atayamba kale kufunsa mitengo ya makina atsopano. Koma Slurm imadalira pulogalamu ina yotchedwa MUNGE potsimikizira kuti uthenga wachokeradi ku makina a mu cluster yomweyo, ndipo MUNGE imakana uthenga ngati mawotchi a makinawo asiyana kwambiri. Timabatire ta CR2032 tosunga nthawi pa motherboard tinali titatha, ndiye makina ankadzuka ali m'chaka china. Tinasintha timabatireto, tinakonza NTP, njira yofananitsira mawotchi a makina, kuti iziwongola nthawi Slurm isanayambe, nkhani inathera pomwepo.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi makina oyenda mwaulesi, chifukwa sadandaula. Ntchito ya MPI, yomwe imagawidwa pa makina ambiri oyendera limodzi, ili ngati ng'ombe zokoka ngolo imodzi: ina ikamatsimphina, zonse zimayenda pa liwiro lake. Gulu lina loyendetsa WRF, pulogalamu ya zanyengo, linkadikira nthawi yaitali mosadziwika bwino. Tinayesa makina aliyense payekha ndi HPL, pulogalamu yoyezera liwiro, mmodzi anatsalira kutali. Titaona kutentha kwake kudzera pa IPMI, njira yoonera momwe makina alili uli patali, tinapeza kuti fani imodzi inaima, fumbi linatseka mpweya, ndipo purosesa inkadzichepetsa liwiro kuti isapse. Ophunzira a digiri yapamwamba anataya masabata chifukwa cha fani yotsika mtengo. Zotere sindimazipirira.

Mbali inayo iliponso: nthawi zina vuto limakhala la pulogalamu. Munthu amakonzera pulogalamu yake pa makina atsopano amene anthu amalowerapo mu cluster, ndi -march=native, lamulo loti pulogalamuyo igwirizane ndi purosesa ya makinawo, kenako n'kuitumiza ku makina akale opanda AVX2, malangizo amene mapurosesa akalewo sawadziwa. Imangofa ndi uthenga woti "Illegal instruction", ndipo onse amati purosesa yawonongeka. Pulogalamu ina imakonzedwa ndi mtundu umodzi wa MPI, Open MPI, koma n'kuyendetsedwa ndi mpirun, lamulo loyambitsira ntchito, la mtundu wina, Intel MPI. Zikatero mnzathu wa ku Chipata uja amangofunsa kuti, "Bwana, munatsegula module iti?" Module ndi imene imasankha mtundu wa pulogalamu wogwiritsa ntchito, ndipo yankho limakhala mmenemo.

Masiku ano sitikondanso zoitanidwa zinthu zitaphulika kale. Timagwirizana ndi kasitomala malipiro a pamwezi. Timawerenga mauthenga a ECC, omwe amanena za zolakwika za mu RAM, kuti tichotse RAM yomwe yayamba kulakwitsa isanaononge zotsatira za munthu, timayang'ana zingwe za InfiniBand zolumikiza makinawo ngati zatsika liwiro, ndipo mlamu amayesa ma UPS, mabatire othandiza magetsi akazima. Zipangizo zosinthira timagula zogwiritsidwapo kale ntchito, popeza za makina akalewa sizipezekanso zatsopano, ndipo timaziyesa tisanaziike.

Pamalo aliponse timapempha wophunzira mmodzi kuti aziima nafe tikamagwira ntchito, ndipo timamusiyira buku lolembamo vuto lililonse ndi mmene linathera. Anthu ena amati tikudzichotsera tokha makasitomala. Koma wophunzirayo akamaliza sukulu n'kukayamba ntchito kwina, kaya ku Lusaka kaya ku Gaborone, akakumana ndi vuto lomukulira amaimbira ife.