Mmene ndinakonzera heat pump yomwe inkangodya magetsi

Mwini wake ankadandaula kuti nyumba ikungofunda pang'ono koma magetsi akutha msanga. Heat pump, makina otenthetsa nyumba, ikamayenda bwino imapereka kutentha kwa makilowati 3 kapena 4 pa kilowati imodzi ya magetsi, chifukwa sipanga kutenthako, imangokutola panja n'kukulowetsa m'nyumba. Wonyamula kutenthako ndi gasi wa m'mapaipi, choncho gasiyo akapanda kuyenda bwino phindu lonse limatayika.

Ndisanatulutse mageji oyezera presha ya gasi, ndinayamba ndatsuka sefa ndi koyilo yapanja. Zimandipweteka kuona anthu akuthamangira kuthira gasi pamene vuto ndi fumbi chabe. Kenako ndinalumikiza mageji n'kumangirira choyezera kutentha pa paipi yolowa mu kompuresa, pampu yopanikiza gasi. Superheat, kutanthauza madigiri amene gasi watenthera kupitirira pomwe amawirira pa presha imeneyo, inafika 18, pomwe ndimayembekezera pakati pa 5 ndi 8. Subcooling, madigiri amene gasi wosanduka madzi wazizira kutsika pomwe amasandukira madzi, inali pafupifupi ziro. Gasi anali wochepa, ndipo expansion valve, valavu yolowetsa gasi mu koyilo mwa muyeso, inali itatsekuka mpaka mapeto koma koyilo osakhuta.

Gasi satha yekha, amakhala watuluka penapake. Pa nati ina panali mafuta onyezimira atagwira fumbi, ndipo nditapakapo sopo thovu linatukusira. Ndinakokera gasi wotsala m'botolo, ndinakonza polumikizirapo, ndinayesa ndi nayitrojeni ngati pakutulukabe, n'kukoka vakyumu, kutanthauza kuchotsa mpweya ndi chinyezi m'mapaipi, mpaka presha inatsika kufika ma micron 500. Pothira ndinaika botolo pa sikelo n'kutsata kulemera kolembedwa pa makinawo. Gasi wa makinawa, R410A, ndi wosakaniza, amathiridwa ali wamadzimadzi. Kupyola muyeso nakonso n'koipa, presha imakwera ndipo kompuresa imavutika.

Ndinkaganiza kuti ndamaliza, koma nditakhala pansi n'kumvetsera, kompuresa inkayaka n'kuzima pakangopita mphindi zochepa. Inali ya inveta, yopangidwa kuti izichepetsa liwiro pamene kutentha kofunika kuli kochepa, ndipo imasunga magetsi kwambiri ikamayenda pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Apa mavalavu a zotenthetsera m'zipinda zambiri anali otseka, kutentha kunalibe kolowera, makina n'kumadzizimitsa. Ndinawatsekula onse, madzi opita m'zotenthetserazo ndinawatsitsa kutentha kuchoka pa madigiri 55 kufika pa 45 kuti presha yomwe kompuresa ikulimbana nayo ichepe.

Patatha ola ndinayezanso. Superheat inali pa 6, ndipo kompuresa inkangolira chapansipansi osazima.