Zikomo nonse amene munandifikitsa kumapeto a ligi ya m'chisanu

Zala zayambanso kugwira foni bwinobwino, ndiye ndilembe zimene zakhala mumtima kuyambira Lamlungu. Ndamaliza ligi ya nyengo yozizira ya kalabu yathu yowedza nsomba kuno ku Yorkshire, ndipo pa mpikisano wotsiriza ndinakhala woyamba m'chigawo changa. Musaganize za chikho ayi. Kaenvulopu kamene anandipatsa sikangagule n'komwe mafuta amene ndawotcha kuyambira November. Koma ndinasangalala ngati mwana, ndipo pali anthu amene ndiyenera kuwathokoza pagulu.

Oyamba ndi achikulire ena a m'kalabu mwathu, azungu a imvi mbuu, amene sakonda kutchulidwa dzina. Mipikisano iwiri yoyambirira ndinatuluka chimanjamanja. Ine mwana wa ku Nkhotakota, wokulira m'bwato, osakola ndi kamodzi komwe! Manyazi ake ndinafuna kungosiya. Iwo anandiitanira tiyi n'kundifunsa kuti ndathira nyambo yochuluka bwanji. Nditawaonetsa chitini chopanda kanthu anaseka mpaka kutsokomola.

Anandifotokozera kuti madzi akazizira thupi la nsomba limafooka, siyendayenda ndipo sidya kwambiri. Nsomba yotchedwa roach ikatola mphutsi zingapo yakhuta, ya pa mbedza yako siyiyang'ananso. Ndiye ukathira nyambo ndi manja awiri ngati ukudyetsa nkhuku, wadzitsekera wekha. M'chisanu madzi amayeranso mbee, nsomba zimaona chingwe, choncho pamafunika chingwe chopyapyala ngati tsitsi ndi kambedza ka saizi 20 kapena 22, koti ukakagwetsa mu udzu iwalako. Anawonjezanso kuti madzi a madigiri 4 ndiwo amalemera kwambiri ndipo amatsikira pansi, n'chifukwa chake pamwamba pakaundana nsomba zimaunjikana pakuya. Ku Nyanja ya Malawi ndikanazidziwira kuti zimenezi? Kwathu tikati kwazizira timanena mwera wa mu July.

Lamlungu lija galimoto inkaonetsa madigiri 3 pansi pa ziro. Kuno malo sumasankha wekha. Aliyense amapisa dzanja m'thumba n'kutola nambala ya peg, kutanthauza malo okhalapo m'mbali mwa damu, ndipo pamene yakugwetsapo ukhala pomwepo maola 5, kaya pali nsomba kaya palibe. Ine inandigwetsa kumene mphepo inkafikira, yolasa kumaso ngati singano. Maola awiri float, kanthu koyandama pa chingwe kamene kamamira nsomba ikadya nyambo, ili njii, osagwedera. Dzanja linkafuna kuthira nyambo, koma ndinkakumbukira kutsokomola kuja n'kumangoponya timphutsi titatu, kudikira, titatu tina. Mphutsi za pa mbedza ndinkazisunga m'thumba la jekete kuti zisaume ndi kuzizira. Dzuwa litapendeka float inamira pang'onopang'ono, ka roach kofiira zipsepse kanatuluka. Kenako kena, kenako perch yonenepa ndithu. Pofika nthawi yoliza wezulo mapazi sindinkawamvanso. Sikelo inati mapaundi 7 ndi maaunzi 4, makilogalamu 3 ndi pang'ono.

Achikulire, ulemu wanu. Munali kutsidya, koma ndinakuonani mukukweza chala.

Zikomo eni damu amene munalawirira kusanache kukaswa madzi oundana ndi boti kuti tipeze poponya mbedza, komanso anyamata awiri amene munazungulira ndi sikelo manja ali m'madzi.

Tsopano mayi a kunyumba. Mkazi wanga wapirira zambiri m'banja muno, koma tsiku limene anatsegula firiji n'kupeza chitini cha mphutsi pafupi ndi mkaka wa ana ndinaganiza kuti ankhoswe aitanidwa. Mphutsi zimasungidwa pozizira kuti zisasinthe msanga, koma kafotokozereni zimenezo mayi wachimalawi 6 koloko m'mawa. Mapeto ake munandipezera kafiriji kakale koika m'shedi, ndipo Lamlungu lililonse ndinkapeza fulasiki ya tiyi wa jinja ndi mandasi zili pa tebulo. Munkatenga ana nokha kupita nawo kutchalitchi, ndipo abusa akafunsa munkandiikira kumbuyo. Ndili ndi ngongole kwa inu, mayi.

Achimwene anga a kuntchito amene munasinthana nane mashifiti katatu osanyinyirika, Mulungu akudalitseni. Khirisimasi ikubwerayi ndi yanga.

Amalume, mzimu wanu uuse mumtendere. Ndinu munandiphunzitsa kumanga mbedza ndi nyongolotsi pa mchenga paja ndili wamng'ono, ndipo mfundo yake ndi yomweyo imene ndinamanga ndi zala zowuma Lamlungu.

Amayi anga ndinawatumizira chithunzi pa WhatsApp. Anayimba nthawi yomweyo. "Ndiye ndiwozo mwapatsako anzanu?" Ndinawauza kuti nsomba zonse timazisunga zamoyo mu keepnet, ukonde wautali wokhala m'madzi, akatha kuyeza timazibwezera m'damu. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mwana wanga, wavutika tsiku lonse m'chisanu kuti uzipatse nsomba chakudya?" Mpaka pano yankho ndilibe. Amayi, zikomo chifukwa cha mapemphero, ngakhale ndikudziwa kuti munkapempherera kuti nzeru zindibwerere.

Abale a kuno amene mwandifunsa mu inbox kuti mukufuna kuyesako: gulani kaye laisensi yowedzera ya Environment Agency, bungwe la boma loona za chilengedwe, chifukwa akakugwirani mulibe chindapusa chimatha kufika mapaundi 2,500. Ndipo nsomba za m'damu la mwini si ndiwo, chonde tisachititsane manyazi. Mitsinje imatsekedwa kuyambira pa 15 March mpaka pa 15 June, koma madamu ambiri amakhala otsegula, ndiye kukayamba kufunda tipitire limodzi. Ndodo yachiwiri ndili nayo.

Achikulire, magolovesi anu aja ndachapa. Ndibwera nawo Lamlungu, ndipo tiyi ulendo uno ndigula ndine.