Bokosi la sipika lomwe linapulumutsa shopu yathu ya matabwa

Mwezi uno takwanitsa zaka 5 chitsegulireni shopu yathu ya ukalipentala kuseri kwa nyumba kuno ku Machinjiri. Aliyense wobwera kudzaona mipando amayamba wafunsa za chibokosi chakuda chili pakonacho. Eya, n'cha sipika. N'chomwe chija chinkagwedeza maukwati ndi zinkhoswe kuyambira ku Chirimba mpaka ku Lunzu.

Ndisanagwire pulena ndinkaimba disiko. Mu March 2020 boma litaletsa misonkhano ya anthu opitirira 100 chifukwa cha Covid-19, ntchito yanga inathera pomwepo. Ndinabwerera ku luso lomwe anandisiyira malemu bambo anga. Ndalama zogulira macheka amagetsi ndi mashini opalira ndinakakongola kwa wakatapila wina, yemwe nditachedwa ndi sabata imodzi yokha anabwera kudzanyamula mikisa yanga ya zoimbira ana akuona. Akudzidziwa. Ngongole yake tinabweza yonse, koma mikisayo mpaka lero sinabwere.

Chomwe chinatsala pang'ono kutitsekera sichinali ngongole, koma fumbi. Utuchi waukulu ulibe vuto, umasesa basi. Choopsa ndi kafumbi kosalala kochokera ku sandipepa, kamene kamayandama m'mwamba mashini atazima kale. Tikapala mlombwa, zovala za anansi pachingwe zinkafiira. Mwana wathu wamkazi anayamba kutsokomola usiku wonse, ine m'mphuno mukutuluka zofiira ndikamina. Adokotala atamupima anandifunsa ntchito yomwe ndimagwira, ndipo nditawayankha anangopukusa mutu. Ndinadziwa mochedwa kuti bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zoyambitsa khansa kale mu 1995. Sabata yomweyo eni nyumba anatipatsa mwezi umodzi: fumbi lithe, apo ayi tisamuke.

Munali mu 2022, kwacha itangogwa ndi 25 peresenti mwezi wa May. Mashini oyamwa fumbi ochokera kunja mtengo wake sitikanaukwanitsa. Usiku wina ndili khale m'shopu, maso anagwera pa bokosi la sipika ya mainchesi 18. Bokosi la besi limapangidwa ndi pulayiwudi wochindikala, womatidwa bwino kuti mpweya usamathawe m'mbali. Chotengera fumbi chimafunanso zomwezo.

Ndinachotsa sipika, pabowo lake lozungulira ndinamangapo fani yamphamvu yokhala ndi mota yake, yomwe ndinagula kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Ndirande. M'kati ndinaika mafyuluta awiri a mpweya a galimoto yaikulu. Mpweya usanafike m'bokosimo umayamba wadutsa mumgolo. Paipi imalowa chammbali, kotero mpweya umazungulira ngati kamvuluvulu, utuchi wolemera n'kugwera pansi. Ku mafyuluta kumafika kafumbi kokhakokha, ndipo sachedwa kutsekeka ngati mgolowo palibe. Ndinaziona ndekha tsiku loyamba. Timafani ta 12 volts ta mu ampulifaya n'tofooka, sitingakoke utuchi, koma nditatiika m'bokosi laling'ono lopachika kudenga, timasefa mpweya wa m'shopu tikaweruka.

Chimene ndimanyadira kwambiri ndi sikwensa, kachipangizo koyatsa zoimbira motsatizana, china chikayaka chinzake n'kudikira masekondi angapo. Pano imayatsa choyamwa fumbi macheka asanayake, ndipo pozimitsa imayamba ndi macheka, kuti mapaipi atsale oyera. Ulendo woyamba sikwensayo inapsa, chifukwa mota ikamayamba kuzungulira imakoka magetsi ochuluka kuposa pamene ikuyenda. Alamu anga, omwe ndi amisiri a zamagetsi, anaikonza n'kuwonjezera kontakitala, switchi yopirira magetsi ochuluka. Musayese izi popanda wodziwa magetsi, chonde. Mwezi utatha eni nyumba anabwera, anapititsa chala pawindo, anachiyang'ana, n'kunena kuti, "Pitirizani ntchito, achimwene." Mwana wathu amagona bwino tsopano. Chophimba kukamwa ndi mphuno timavalabe pochita sandipepa.

Ndithokoze mayi a kunyumba, omwe anatidyetsa ndi geni yawo ya mandasi nthawi yomwe magetsi ankathima maola ambiri namondwe Ana ataononga ku Kapichira. Alamu, Mulungu akudalitseni. Anansi athu, munapirira zovala zofiira osatitengera kwa amfumu. Anyamata anga awiri omwe munagwira miyezi iwiri malipiro akuperewera, sindidzaiwala. Azimayi a kumpingo omwe munatipatsa oda yoyamba ya mabenchi 20, inu ndi amene munatiimika. Ogulitsa matabwa omwe mumatipatsa ouma bwino, zikomo. Uja anatigulitsa paini wamuwisi zitseko n'kupindika, tinasiya kumuimbira.

Fumbi likachepa, vanishi amauma wosalala ngati galasi, wopanda timchenga tomwe mumamva mukapititsa dzanja pa tebulo. Bwerani mudzakhudze nokha. Tikupanga mabedi, makabati a kukhitchini, mawodirobu, zitseko ndi matebulo odyera, a mlombwa, mbawa kapena paini wa ku Chikangawa, malinga ndi thumba lanu. Mumapereka theka poyamba, lotsala polandira katundu, ndipo mu Blantyre muno timakubweretserani mpaka pakhomo. Mwezi wachikondwererowu, woitanitsa bedi tikumupangira katebulo ka pambali pa bedi kwaulere. Akalipentala anzanga ofuna kuona momwe bokosili limagwirira ntchito, fikani Loweruka m'mawa, ndidzakuyatsirani.