Zaka 18 sizichiritsa ubongo

Chaka chilichonse pa 9 Sepitembala, dziko lonse lapansi limakumbukira FASD, vuto lomwe mwana amabadwa nalo mayi akamamwa mowa ali woyembekezera. Kuno ku South Africa vutoli ndi lalikulu, makamaka ku Western Cape, komwe kale antchito a m'minda ya mpesa ankalipidwa vinyo ngati gawo la malipiro awo.

Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti timangokamba za makanda, kuiwala kuti makandawo amakula. Mwana wotere akakwanitsa zaka 18, ndalama yomwe SASSA, bungwe la boma lopereka ndalama zothandizira anthu, imapatsa womusamalira imatha, ndipo amayenera kufunsira ina ya olumala, yomwe imafuna umboni wa dokotala. Koma poti ambiri a iwo amalankhula bwinobwino, anthu sakhulupirira kuti ali ndi vuto. Chikhalirecho mnyamatayo sangasunge malangizo atatu m'mutu nthawi imodzi, malipiro a mwezi amatha tsiku lomwelo, ndipo anzake akamutuma zoipa amangopita osaganizira za ndende.

Abale anga, musamutaye poti wamera ndevu. Mulembereni papepala ntchito za tsikulo, mumutchereko alamu pafoni, muzisunga naye ndalama, ndipo mumufunire bwana woleza mtima amene sangatope kumuonetsa chinthu chomwecho mawa ndi mkuja.